A Kubano ndi Manda Awo Oyamba

Amuna anga dzina lawo linali Sitefano Maluwaya, koma kuno ku Insaca mukafunsa dzina limeneli ndi ochepa angakulozereni nyumba. Aliyense ankawatchula kuti a Kubano. Anamwalira chaka cha 2022, mvula ili pakati, ali ndi zaka 54. Profesora Débora, amene amaphunzitsa Chifalansa ku sekondale yathu, anandipempha kuti ndilembe za moyo wawo, kuti ana obwera m'mbuyo adziwe kumene kanema wa Loweruka anachokera. Ine kuyankhula pagulu kumandivuta, ndiye kulembaku kwandipepukirako.

Anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Entre Lagos, poti sitima ikalira pa siteshoni umaimva uli pakhomo. Chaka cha 1980 boma linkasankha ana okhoza bwino kuti akaphunzire ku Cuba, ndipo iwo anasankhidwa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi awo anawaperekeza mpaka pa sitima. Amuna anga anandiuza kuti amayiwo sanalire, ankangowakonza kolala ya malaya mobwerezabwereza, chikhalirecho inali yowongoka kale.

Ku Cuba sukulu yawo inali pakati pa minda ya malalanje. M'mawa ankaphunzira, masana ankagwira ntchito kumunda. Loweruka kunkabwera lole ndi makina a kanema, n'kuonetsa pakhoma la sukulu. Ankanena kuti Chisipanishi cha m'buku chinkawalowa mochedwa, koma cha pakhoma paja chinawalowa osadziwa n'komwe, chifukwa ukaona munthu akukalipa kapena akupempha, mawu ake sungawaiwale.

Kuno nkhondo inafika, makalata n'kusiya kuyenda. Chaka cha 1986 munthu wina anabwera kuchokera ku Nampula ndi uthenga wakuti galimoto imene inanyamula ana ochokera ku Cuba yatenthedwa panjira, ndipo palibe wapulumuka. Amayi awo anadikira mwezi wathunthu. Kenako anachita zimene timachita kuno munthu akafera kutali mtembo osaoneka. Anadula thunthu la nthochi lotalika ngati mnyamata, analikulunga m'nsalu, analilira maliro, n'kuliika m'manda. Patangopita miyezi yochepa mudzi wonse unathawira ku Malawi kudzera pa Nayuchi. Amayiwo anafera komweko ku kampu ya othawa nkhondo, nthawi ya kolera, ndipo anaikidwa mofulumira pamodzi ndi ena ambiri. A Ivone, alongo awo aakulu a amuna anga, anabwererako kawiri kukafuna mandawo, koma anapeza pali munda wa nandolo wa munthu wina.

Uthenga uja unali wolakwika. Nthawi imeneyo a Sitefano anali adakali ku Cuba. Anabwera mu 1988, koma njira ya kuno inali yosayendeka, ndiye anakhala ku Nampula akugwira ntchito m'sitolo ya munthu wa ku Congo. Kumeneko ndi kumene anatola Chifalansa. Anafika kumudzi mu 1994, anthu atabwerera. A Ivone anali pabwalo akuyanika makaka. Atadzutsa mutu n'kuona amene waima pa mpanda, anataya lichero n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Akuluakulu a pamtundu anakhala pansi n'kunena kuti palibe chovuta, zotere zimachitika ndipo njira yake ilipo. Manda aja afukulidwe, zonse zimene zinaikidwamo zichotsedwe, dzenje lifafanizidwe, mwiniwake asambe mankhwala, basi abwerere pakati pa amoyo. A Sitefano anapempha kuti ayambe akawaona mandawo. Anapita okha, n'kukhalako mpaka dzuwa kupendeka. Atabwera anakana. Anati mayi awo alibe manda, alibe chithunzi, nyumba yawo inapsa, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene manja a mayiwo anapanga n'kukhalapobe padziko ndi kamtumbira kameneko. Sakanalola khasu kukakhudza.

Anakhala choncho zaka makumi awiri ndi zinayi. Palibe anawathamangitsa kapena kuwatukwana. Koma a Ivone ankawapatsa moni ataima patali, akuomba m'manja, osawagwira dzanja. Akapita kumudzi ankawaikira chakudya m'mbale yawoyawo. Pamaliro a abale ankakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo adzukulu okumba manda ankawaseka kuti eni malo afika.

Ine ndinakwatiwa nawo mu 1999. Nanenso ndinakulira ku kampu, ndinaphunzira ku Malawi mpaka Fomu 2. Azakhali anga anandiletsa, ankati mwamuna wokhala ndi manda sapatsa mkazi mtendere. Koma ine ndinaona munthu wofatsa amene ankakonza mawailesi pa msika, kenako ma TV ndi mafoni, woti akamawotcherera mawaya ankadziyankhulira yekha chapansipansi m'Chisipanishi. Sitinakhale ndi ana. Enanso ankati chifukwa chake ndi chomwecho.

Profesora Débora anabwera ku Insaca mu 2017 kuchokera ku Lichinga. Tsiku lina anabweretsa foni yowonongeka pa benchi ya a Kubano, ndipo podikira anadandaula kuti ana ake a kalasi yomaliza sanamvepo Chifalansa kuchokera pakamwa pa munthu wina kupatula iye. Buku linali limodzi, ana makumi asanu ndi limodzi. Ankaloweza mawu ngati mndandanda wa katundu, koma ukawafunsa funso ankangoyang'ana pansi. A Kubano anamuyankha m'Chifalansa. Profesorayo anandiuza pambuyo pake kuti anatembenuka kuona ngati kumbuyo kwake kwaima mlendo.

Umu ndi mmene kanema wa Loweruka anayambira. Kuseri kwa nyumba yathu kuli chipinda cha malata chimene tinkasungiramo chimanga. Tinasesamo, tinabwereka mabenchi ku tchalitchi, a Kubano n'kupachika TV yaikulu imene mwini wake anaisiya osabweranso kudzatenga. Mafilimu ankawapeza kwa anzawo a ku Cuamba, atawaika pa fulashi. Ana ankabwera dzuwa likangopendeka, ife n'kutseka zenera ndi chiguduli kuti chithunzi chioneke bwino.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kawokawo. Sankaonetsa filimu yonse. Ankasankha kachigawo kakafupi, mwina anthu awiri akukangana pa mtengo wa nsomba kapena mwana akunama kwa bambo ake, n'kuyamba kukaonetsa atatseka mawu. Milomo inkangoyenda, m'chipinda muli zii. Ndiye ankafunsa ana kuti munthuyu akunena chiyani, ndipo ana ankalota poyang'ana nkhope ndi manja. Kachiwiri ankatsegula mawu. Kachitatu ankatsekanso, n'kusankha ana awiri kuti aime pambali pa TV aziyankhula m'malo mwa anthu aja, motsanzira ndi mawu omwe, kaya ndi a nkhalamba kaya ndi a mayi wolira. Profesora ankakhala pambali akulemba mawu atsopano pa kabolodi. Loweruka lomaliza la mwezi linali la Chisipanishi. Ku sukulu sichiphunzitsidwa, koma a Kubano ankati n'chapafupi ndi Chipwitikizi, mwana akachimva n'kuzindikira kuti akumvako ndithu, mantha a chilankhulo chachilendo amamuthera.

Ana anafika 31. Ankapatsana moni wa Chifalansa pamsewu, ena ankatsanzira anthu a m'filimu pogula tomato, amayi a pa msika n'kumaseka. Amene ankaposa onse anali Rabeca, mdzukulu wa a Ivone, amene ankakhala kwa achibale kuno ku Insaca chifukwa cha sukulu. Mwanayo anali ndi khutu. Akamva mawu kamodzi ankawabweza ndendende. Pa zaka zonse zimene ndinakhala ndi amuna anga, sindinawaone akuyenda mopepuka ngati chaka chimenecho. Lachisanu ankatseka benchi yawo msanga kuti akasankhe kachigawo ka mawa.

Cholakwa chinachitika mu Ogasiti 2018, ndipo anachichita okha. Tsikulo anaonetsa filimu yakale kwambiri, yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Rabeca anaima kutsogolo n'kuyankhula m'malo mwa mayi wina wa m'filimumo mpaka anzake anamuombera m'manja. Pomaliza anafunsa ngati mayiyo akukhalabe m'tauni yomweyo.

A Kubano anaseka. “Iwe, filimu iyi ndi ya kale agogo ako asanabadwe. Onse ukuwaonawa anafa kalekale.”

Ine ndinali pakhomo ndi ndowa ya madzi akumwa. Ndinaona ana angapo akuyang'anizana. Iwo sanaone kanthu, anali atawerama kufuna kachigawo kena.

Sabata yomweyo Rabeca anadwala malungo aakulu, n'kugonekedwa ku chipatala. Masana ena thupi litatentha kwambiri anayamba kubwebweta, ndipo zimene ankanena zinali mawu a mayi wa m'filimu uja, ndi liwu lomwe lija la munthu wamkulu. Amayi odikirira odwala anamva. Namwino anawauza kuti ndi malungo chabe, ndipo mwanayo anachiradi patapita masiku anayi. Koma nkhani inali itatuluka kale. Pa mjigo, pa msika, m'minibasi zimene timazitcha chapa, anthu ankanena kuti munthu amene anaikidwa m'manda akutsekera ana m'chipinda cha mdima, akutseka pakamwa anthu akufa n'kuuza ana kuti awabwereke mawu. Ndipo ankati mwiniwake wavomera yekha kuti ndi akufa.

Loweruka lotsatira kunabwera ana anayi. Linalo sikunabwere aliyense. A diretori, mkulu wa sukulu, anauza profesora kuti ayambe wasiya mpaka makolo mitima itsike. Mayeso omaliza anali atatsala miyezi itatu. Profesora anayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti kanema ndi chithunzi chabe, ngati chimene chili pa chiphaso. Makolo ankamuyankha mwaulemu kuti zimenezo akuzidziwa, TV nawonso amaonera, vuto si kanema koma woonetsayo.

A Ivone anabwera okha pa chapa kuchokera ku Entre Lagos. Ndinawayalira mphasa pakhonde koma anaima pa mpanda monga mwa masiku onse. Amuna anga anatuluka, n'kuima pakati pa bwalo.

“Achimwene, ine sindinabwere kudzakangana,” anatero a Ivone. “Mwana wachira, tathokoza. Koma kuno sabweranso mpaka mutatuluka m'manda muja.”

“Ndili pano, achemwali. Mukundiona.”

“Ndikukuonani. Koma ndinanyamula nawo thunthu lija ine. Ndinathira dothi ndi dzanja ili. Mukufuna ndiziti ndinaika ndani?”

Amuna anga anati pamenepo ndi pokhapo pamene angakaime n'kunena kuti apa amayi anagwirapo. A Ivone anayankha kuti amayi anakumba dzenjelo chifukwa chonamizidwa, ndipo akanakhala moyo akanalikwirira okha tsiku lomwe mwana wawo anatulukira. Atatero anatsanzika, madzi osamwa.

Masabata awiri otsatira amuna anga ankalowabe m'chipinda chija nthawi yake ikakwana. Ankakonza mabenchi, kutseka zenera, kuyatsa TV, mawu atatseka. Ndikasuzumira ndinkawaona atakhala pa benchi ya kumbuyo, kutsogolo milomo ikuyenda popanda woiyankhulira. Sindinkalowa. Loweruka lachiwirilo anatuluka n'kundipeza ndikusankha nyemba. Anandifunsa kuti ine ndikuona bwanji. Ndinati mandawo ndi awo, sindingawalamule, koma ana aja ndawasowa. Kenako anandiuza kuti nditumize mawu kwa a Ivone.

Tinapita m'mawa wina mu Okutobala, kunja kukutentha kale. Tinatsika chapa pa Entre Lagos n'kuyenda pansi. Kumanda tinapeza a Ivone, akuluakulu awiri a pamtundu, ndi adzukulu atatu ndi makasu awo. Wamkulu wa adzukuluwo anali a Vitorino, nkhalamba ya mano awiri imene inakumba nawo dzenje lomwelo mu 1986. Kamtumbirako kanali kakang'ono, kosesedwa bwino, kozunguliridwa ndi miyala. Ndinazindikira pamenepo kumene amuna anga ankapita masiku amene ankati akukagula zipangizo ku malire.

“A Kubano, mwatichedwetsa,” anatero a Vitorino akulavulira m'manja. “Ine ndinakuikani bwinobwino, inu n'kumakayenda ku Insaca ndi njinga. Anthu aziti sindidziwa ntchito.”

Amuna anga anamwetulira pang'ono. A Vitorino anapitiriza kuti pa moyo wawo wonse aka n'koyamba kukumba manda mwiniwake ataima pambali akuyang'anira ngati kapitawo, ndipo anawafunsa ngati akufuna kuti awasungire malowo poti ndi amthunzi. Adzukulu anzawo ankaseka, ifenso tinasekako, poti kumanda adzukulu saletsedwa pakamwa.

Atafika m'chiuno nthabwala zinachepa. Dothi lofiira linatha, n'kuyamba lakuda lofewa. Thunthu linali litaola kalekale, nsalu yomwe panalibe. A Vitorino anaika khasu pambali n'kuyamba kupapasa ndi manja. Patapita kanthawi anadzuka atafumbata kanthu, n'kutambasula dzanja. Munali mikanda, yoyera ndi yabuluu, ulusi wake utadyeka.

A Ivone anakhala pansi pomwepo. Anati imeneyo ndi mikanda ya m'khosi ya amayi, imene sankavula ngakhale posamba. Ku kampu ankaifunsa, amayiwo n'kumati inatayika pothawa. Palibe amene anawaona akuimangirira pa thunthu.

A Vitorino anatola yonse imene anaipeza n'kuithira m'manja mwa amuna anga. Iwo anaipukuta dothi ndi chala, umodziumodzi. Akuluakulu aja anakumbutsa kuti chilichonse chotuluka m'dzenjemo chiyenera kupita ku madzi, mwiniwake ndiye ataye. Amuna anga anapempha kuti asungeko umodzi wokha. Anapempha kawiri, mawu ali pansi, ngati mwana.

A Vitorino sanaseke. “Bambo, mukasunga umodzi ndiye kuti takumba pachabe. Sankhani nokha. Mukafuna tibwezeremo yonse, tikwirire, tizipita.”

Ndinayang'ana a Ivone ndikuganiza kuti mwina anenapo kanthu, poti amayiwo anali awonso. Anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Amuna anga anaima nthawi yaitali, kenako anayamba kuyenda kulowera kudambo. Tinawatsatira patali. Nthawi imeneyo ya chaka madzi amakhala atathawira kutali, ndiye anayenda m'matope ouma mpaka pamene panali chithaphwi pakati pa mabango. Sanaponye. Anawerama, n'kulowetsa manja onse awiri m'madzi, n'kuwatulutsa opanda kanthu.

Titabwerera tinapeza adzukulu atakwirira dzenje, atasalaza, miyala ija ataimwaza kutchire. Panalibenso chosonyeza kuti panali manda. Akuluakulu anatengera amuna anga kuseri kwa chitsamba kukawasambitsa. Kumudzi a Ivone anaphika chinangwa ndi nsomba zouma, n'kuika m'mbale imodzi. Asanayambe kudya anatambasula dzanja. Amuna anga analigwira, ndipo anakhala atagwirana choncho mpaka chakudya chinayamba kuzizira.

Loweruka lotsatira kunabwera ana khumi ndi awiri, Rabeca ali patsogolo. Pofika mayeso anali 23. Ena makolo awo sanawalolenso, ndipo amuna anga sanawatsatire. Chaka chimenecho Chifalansa anakhoza ana ambiri kuposa zaka zonse za m'mbuyo, profesora ndiye amadziwa chiwerengero chake. Rabeca panopa ali ku Lichinga, akuphunzira zauphunzitsi.

A Kubano anaphunzitsa zaka zina zitatu ndi miyezi, kupatula nthawi imene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri. Ntchito ankaigwira monga kale, koma kupepuka kuja sikunabwerere. Nthawi zina ndinkawapeza ataima pabwalo atavala nsapato, njinga ili m'manja, ngati munthu woiwala kumene amapita. Ndikawafunsa ankati palibe, n'kuibwezera njingayo m'nyumba. Sanadandaulepo za tsiku lija, ndipo ine sindinawafunse ngati ankaona kuti anasankha bwino. Atadwala chifuwa chimene chinawatenga, anauza profesora kumene kunali mafulashi onse, ndi kope limene analembamo kuti kachigawo kalikonse kakuyambira mphindi iti. Kanema akuchitikabe, tsopano ku sukulu komweko.

Chimene sindinayembekezere ndi a Ivone. Kuyambira mwezi umene tinapita kumanda uja, ankakwera chapa pafupifupi Loweruka lililonse kubwera ku Insaca. Chipwitikizi chomwe ankangomva cha moni, koma ankalowa m'chipindamo n'kukhala pampando wa pakona, dengu lili pamiyendo. Ndinaona kuti TV sankaiyang'ana. Maso awo ankakhala pa achimwene awo, makamaka akamatchula mawu pang'onopang'ono kuti ana abwereze. Tsiku lina ana atatuluka, tikupinda chiguduli cha pazenera, ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati akumvako kanthu.

“Ayi mlamu, ndimve chiyani ine,” anatero. “Ndimangoona pakamwa pawo. Zaka zonsezi ndinkaopa kuwayang'anitsitsa. Akamayankhula, mlomo wa m'munsiwu umapita uku, ngati amayi.”